Akulira nyumba, aiwala mmisiri

Mu Janeiro wa 2023, ku Florida m'dziko la Amereka, anthu anaima pamzere maola angapo pofuna kukwera komaliza timabwato ta malo osewerera otchedwa Splash Mountain, popeza kampani ya Disney inali italengeza kuti ikutseka malowo. Ena mwa iwo anabwera ndi mabotolo, natunga madzi a m'ngalande imene timabwatoto tinkayendamo, ndipo pasanapite masiku ambiri madzi aja anayamba kutsatsidwa pa eBay ngati kuti ndi mankhwala a sing'anga wotchuka. Makolo athu anati madzi akatayika saoleka, koma anthu awa anayesetsa ndithu kuwaola.

Owerenga ambiri akamva zimenezi aseka, ndipo sitingawaletse. Komabe tiyeni tiyambe tamvetsa chimene anthuwa akulira, chifukwa chisoni chawo n'chenicheni, ngakhale kuti m'kuona kwathu akuchikhuthulira pa manda olakwika. Nyumba imene yagwetsedwa ingathe kumangidwanso chaka chamawa ngati eni ndalama afuna. Chovuta kubweza ndi chimene chinatayika ku Florida komweko mu 2004, anthu ambiri osachita nacho phokoso: gulu la amisiri ojambula makatuni pamanja, makatuni amene ana athu kuno amati maboneko. Ambiri a ife tinakula tikubwerekana timabuku ta Pato Donald ndi Tio Patinhas mpaka masamba kuthothoka, tsono nkhani ya manja amene amajambula zoterezi si yachilendo kwenikweni kwa ife.

Kwa amene sanamvepo za malo amenewa, taganizani feira yaikulu ngati tauni, yotsegula chaka chonse, imene munthu amalipira pachipata n'kumayenda tsiku lathunthu kuchoka pa chokwera ichi kupita pa chionetsero icho. Paki yoyamba ya Disney ndi Disneyland, ku California, imene a Walt Disney anatsegula mu Julho wa 1955. Ya ku Florida, yotchedwa Walt Disney World, inatsegulidwa mu 1971, eni ake atamwalira kale mu 1966. Zokwera zambiri za mmenemo sizili ngati katungwe wamba. Munthu amakhala m'kagalimoto kapena m'kabwato, n'kulowetsedwa m'nyumba ya mdima mmene nthano yonse imamudutsa m'maso, ndi zidole zoyenda ndi zolankhula, nyimbo ndi magetsi. A Walt Disney ankanena okha kuti paki yawo sidzatha kumangidwa, kutanthauza kuti kugwetsa ndi kumanga n'chikhalidwe cha malowo kuyambira pachiyambi. Nyumba iliyonse imene mzere wake wafupika, owerengera ndalama amaiyang'ana monga mmene mwini khola amayang'anira ng'ombe imene yasiya kubereka.

Choncho kutseka sikunayambe dzulo. Mu Setembro wa 1998 anatseka ku Florida chokwera cha Mr. Toad's Wild Ride, chochokera pa filimu ya 1949 yonena za chule wolemera amene anapenga ndi magalimoto. Okonda chuleyo anavala malaya obiriwira, kulemba makalata, ndi kusonkhana kangapo konse pakhomo pa chokweracho, koma sizinathandize. Chaka chotsatira pamalopo panalowa Winnie the Pooh. Chaka chomwecho cha 1998 kampani inatseka chokwera china cha mu paki ya Epcot, mmene munali kachinjoka ka mapiko kotchedwa Figment, ndipo pochitsegulanso kachinjokako kanali katangotsala ngati mthunzi. Anthu anakwiya kotero kuti mu 2002 kampani inakabwezera pamalo pake. Pamenepo okonda mapaki anaphunzira kuti phokoso nthawi zina limagwira ntchito, ndipo sanalisiyenso. Mu 2017 kunapita The Great Movie Ride. Mu Junho wa 2025 kunapita Muppet*Vision 3D, imodzi mwa ntchito zomaliza za a Jim Henson asanamwalire mu 1990. Nthawi zonse zimakhala chimodzimodzi: mizere yaitali pa tsiku lomaliza, misozi, ndi madandaulo osatha. Tisawanyoze. Munthu amene anakwera chinthu ali mwana, atagwira dzanja la bambo ake, bambowo n'kumwalira, amafuna kudzakhazika mwana wake pa mpando womwewo, ndipo akapeza mpandowo wachotsedwa amamva ngati amugumulira nyumba yakwawo.

Koma pa Splash Mountain tinene mosapsatira kuti kampani sinalakwe kusintha. Chokwerachi, chimene chinatsegulidwa ku California mu 1989 ndi ku Florida mu 1992, chinamangidwa pa filimu ya 1946 yotchedwa Song of the South. Filimuyo imaonetsa moyo wa pa munda waukulu ku Georgia ukapolo utangotha kumene, ndipo anthu akuda a mmenemo amangomwetulira, kuimba ndi kutumikira banja la azungu ngati kuti palibe chinawachitikira. Mabungwe a anthu akuda anaidzudzula chaka chomwe inatuluka. A James Baskett, munthu wakuda amene anasewera mbali ya nkhalamba yosimba nthano, sanakhale nawo pa mwambo woonetsa filimuyo koyamba ku Atlanta chifukwa cha malamulo a tsankho a mumzindamo. Kampani inaionetsa komaliza m'nyumba za sinema za ku Amereka mu 1986, kenako inaitsekera m'kabati, osaigulitsa pa kaseti kapena pa DVD m'dzikomo. Ndiye panali chinthu chodabwitsa: chokwera chokondedwa kwambiri, chomangidwa pa filimu imene eni ake akuchita nayo manyazi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chotiwawa ife n'chakuti pakati pa nyerere zimenezo panali m'bale wathu. Kalulu wochenjera wa mufilimuyo, Br'er Rabbit, anachokera mu nthano zimene akapolo ankasimbirana kumwera kwa Amereka, zimene mzungu wina, a Joel Chandler Harris, anazilemba m'mabuku cha m'ma 1880, ndipo akatswiri ambiri a nthano amavomereza kuti mizu yake ili kuno ku Africa. Amene anamvapo agogo akusimba za Kalulu wokana kukumba chitsime, amene anadzagwidwa ndi ulimbo akuba madzi, sadzavutika kuzindikira nthano ya kalulu wa ku Amereka amene anamatirira pa chidole cha phula. Kalulu analibe mlandu. Anangosungidwa m'nyumba yoipa, ndipo nyumbayo itagwa anagwa nayo.

Mu Junho wa 2020, dziko la Amereka lili pa zionetsero zikuluzikulu pambuyo pa kuphedwa kwa George Floyd, kampani inalengeza kuti chokweracho chidzakhala cha Tiana, mtsikana wakuda wa ku New Orleans wa mu filimu ya 2009 imene amene anaionera m'Chipwitikizi amaidziwa ndi dzina la A Princesa e o Sapo. Chatsopanocho chinatsegulidwa mu 2024. Ngalande yake ndi yomwe ija, ndipo bwato limagwera pa phompho lomwe lija la mamita oposa 15. Apa ndi pamene nkhani yathu yagona. Filimu ya Tiana inajambulidwa pamanja. Kampani inathira ndalama zankhaninkhani kumangira Tiana phiri, pamene inali italeka kale kupanga mafilimu a mtundu umene unabala Tianayo.

Wina afunsa kuti zokwera ndi zojambula zikugwirizana pati. Yankho lili mu Splash Mountain momwemo. Zidole zambiri za mu chokwera cha ku California sizinapangidwire icho; zinatengedwa ku chionetsero china, America Sings, chimene chinatsekedwa mu 1988, kotero kuti amene ankalira mu 2023 ankalirira chinthu chomangidwa ndi mafupa a chinzake. Amene anajambula zidolezo poyamba ndi a Marc Davis, mmodzi mwa amisiri 9 amene a Walt Disney ankawatcha moseka kuti nkhalamba zawo. A Davis anajambula Cinderella, Tinker Bell ndi Cruella wa mu Os 101 Dálmatas, kenako anasamukira ku gulu lomanga mapaki, kumene anakonza nkhope ndi nthabwala za achifwamba a panyanja a mu Pirates of the Caribbean ndiponso mizukwa ya mu Haunted Mansion. A Claude Coats, amene ankapenta malo akumbuyo a mafilimu monga Pinocchio, anali m'gulu lokonza zokwera zoyambirira za 1955, kuphatikizapo cha chule chija cha ku California. A Mary Blair, amene anasankha mitundu ya Cinderella ndi Alice in Wonderland, ndiwo anapereka maonekedwe a It's a Small World. Zimene anthu amakonda m'zokwera zakale, mmene chidole chimapendekera mutu, mmene nthabwala imamvekera munthu akungodutsa pa bwato, zinachokera pa tebulo la wojambula. Munthu amene watha zaka 20 akuphunzira kuonetsa mantha ndi mizere isanu ya pensulo amadziwa kuimika chidole kuti mwana amve nkhani yonse popanda mawu. Mapaki amenewa anamwa madzi pa chitsime chimenecho.

Tifotokozeko pang'ono ntchitoyo, popeza ambiri timaonera maboneko osadziwa thukuta lake. M'sinema mumadutsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi, kutanthauza kuti filimu ya mphindi 80 ili ndi zithunzi 115,200. Nthawi zambiri amisiri ankajambula chithunzi chimodzi kuti chioneke kawiri, komabe zimenezo ndi zojambula 12 pa sekondi, pa munthu mmodzi yekha wa m'nthanoyo. Akakhala atatu pamodzi ntchito nayo ichuluka. Mmisiri wamkulu amakhala pa tebulo lokhala ndi galasi lowala pansi, mapepala atakolekedwa pa tizitsulo kuti asasunthe. Iye amajambula zithunzi zikuluzikulu za kayendedwe, poyambira, pokhotera ndi pothera. Amapanikiza mapepala anayi kapena asanu pakati pa zala n'kumawatembenuza mofulumira kuti aone ngati chinthucho chili ndi moyo. Pambali pake pamakhala kalilole, kuti akafuna nkhope yokwiya ayambe wakwiya yekha n'kudziyang'ana. Womuthandiza amayeretsa mizere, ndipo wophunzira amadzaza zithunzi za pakati. Kale zojambulazo zinkakopedwa ndi inki pa mapepala oonekera ngati galasi, n'kupakidwa utoto kumbuyo kwake, ntchito imene ku Disney ankaigwira makamaka akazi, kenako kamera inkazijambula chimodzichimodzi zitasanjikidwa pamwamba pa chithunzi chopentedwa cha nkhalango kapena cha nyumba. Umo ndi mmene Branca de Neve anabadwira mu 1937.

Tisanamizane kuti makina ndiwo mdani. Mu Os 101 Dálmatas, ya 1961, makina a Xerox ndiwo anakopa mizere ya pensulo m'malo mwa akazi a inki aja, ndipo ambiri mwa iwo ntchito inawathera. Kuyambira 1990 utoto unayamba kupakidwa pa kompyuta. Mikango ya mu O Rei Leão, ya 1994, inajambulidwa ndi pensulo, koma nyumbu zothamanga m'chigwa zija zinapangidwa pa kompyuta. Ndipo amene amapanga makatuni a pa kompyuta lero ndi amisiri nawonso; kompyuta siseketsa munthu payokha. Kusiyana kwake n'kwakuti wa pa kompyuta amasuntha chidole chimene chinamangidwa kale, pamene wa pamanja amabala munthuyo mwatsopano pa pepala lililonse, ndipo akafuna amamutalikitsa, kumufinya kapena kumusungunula, n'kumubwezeretsa pa pepala lotsatira. Ndi maluso awiri. Wodziwa limodzi sangodzuka m'mawa n'kudziwa linalo.

Taonaninso wophunzira uja wodzaza zithunzi za pakati. Ntchito yake ndi yotopetsa ndi yopanda ulemu, koma ndiyo sukulu yake. Akatha zaka akudzaza pakati pa zojambula za mmisiri wamkulu, dzanja lake limaphunzira zimene mmisiriyo sangathe kuzifotokoza pakamwa. M'zaka za m'ma 1970, nkhalamba zija zitayamba kupuma, mmodzi wa iwo, a Eric Larson, anapatsidwa ntchito yosankha ndi kuphunzitsa achinyamata. M'manja mwa nkhalambazo munatuluka a Glen Keane amene anajambula Ariel wa mu A Pequena Sereia, a Andreas Deja amene anajambula Scar, ndi a Mark Henn amene anajambula Simba ali mwana, Mulan ndi Tiana. Unali unyolo wochokera kwa Branca de Neve mpaka kwa Tiana, dzanja kugwira dzanja. Aliyense amene anaonapo mmene mwana amaphunzirira kusema bwato, kuyamba ndi kutola zipalapala pambali pa amalume ake, adziwa kuti bwato losungidwa m'nyumba ya zakale silinaphunzitsepo munthu kugwira kasemasema.

Tsopano tifike pa nyumba imene inayenera kulirilidwa. Mu Maio wa 1989 kampani inatsegula ku Florida paki yotchedwa Disney-MGM Studios, imene pambuyo pake inasinthidwa dzina kukhala Disney's Hollywood Studios, ndipo m'kati mwake inaikamo chionetsero chotchedwa The Magic of Disney Animation. Alendo ankayamba ndi kuonera kafilimu kofotokoza ntchitoyo, ka a Robin Williams ndi mtolankhani wotchuka a Walter Cronkite, kenako n'kuyenda m'khonde la magalasi. Kuseri kwa magalasiwo kunali amisiri enieni, pa matebulo awo, akujambula filimu imene idzatuluke m'sinema patsogolo. Sanali anthu olembedwa ntchito yoyerekezera. Mwana ankatha kuima pamenepo n'kuona munthu wamkulu akutembenuza mapepala, akufufuta, akuyambiranso, n'kuzindikira koyamba kuti chilombo chimene chinamuopsa m'sinema chinatuluka m'dzanja la munthu wovala malaya wamba, ndi kuti imeneyo ndi ntchito imene munthu angalandire nayo malipiro. Pa zinthu zonse za m'mapaki a Disney, ichi chokha sichinali sewero.

Situdiyo imeneyo inayamba ndi timafilimu tatifupi ndi kuthandiza ya ku California pa zigawo za mafilimu ake, kenako inakula n'kupanga yokha mafilimu atatu aatali: Mulan mu 1998, Lilo & Stitch mu 2002, ndi Brother Bear mu 2003. Mu Lilo & Stitch anadzutsanso luso lopenta malo akumbuyo ndi utoto wa madzi, limene Disney inali italisiya kuyambira m'ma 1940, ndipo anachita kuliphunziranso. Mu Janeiro wa 2004 kampani inalengeza kuti ikutseka situdiyoyo, ndipo ntchito za anthu pafupifupi 250 zinathera pomwepo. Ya ku Paris inali itatsekedwa mu 2003; ya ku Tokyo inatsatira mu 2004, ya ku Sydney mu 2006.

Chifukwa chimene mabwana anaona chinali ndalama. Toy Story ya 1995, Shrek ya 2001 ndi Finding Nemo ya 2003, zonse za pa kompyuta, zinakolola kwambiri, pamene Treasure Planet ya Disney, ya 2002, inalephera kubweza ngakhale ndalama zoipangira. Utsogoleri wa a Michael Eisner unagamula kuti anthu atopa ndi zojambula pamanja. Koma chaka chomwecho cha 2002, Lilo & Stitch, yopangidwa ndi madola pafupifupi 80 miliyoni, inabweretsa oposa 270 miliyoni. Treasure Planet sinapangidwe ku Florida. Amene analangidwa ndi amene anabweretsa phindu, ndipo pensulo inasenzetsedwa mlandu wa nthano zolembedwa mofooka. Mu 2025 kampani inatulutsanso Lilo & Stitch ndi anthu enieni ndi Stitch wa pa kompyuta, n'kupeza madola oposa biliyoni imodzi. Inakolola m'munda wa alimi amene inawathamangitsa zaka 21 m'mbuyomo.

Amisiri atachoka, chionetsero chija sichinatsekedwe. Chinapitirira zaka 11 ndi dzina lomwelo. Alendo ankaonera sewero lofotokoza mmene makatuni amapangidwira, kukhala pa mabenchi n'kuphunzitsidwa kujambula mutu wa Mickey kwa mphindi zochepa, ndi kujambulitsa ndi anthu ovala zidole. Mu Julho wa 2015 anachitseka n'kuikamo zinthu za Star Wars, ndipo pamenepo ndi pamene okonda mapaki ambiri anadandaula. Anafika pa tsiku lomanga chiliza, maliro ataikidwa kalekale.

Sitikunena kuti mu 2004 aliyense anakhala chete. A Roy E. Disney, mwana wa mchimwene wawo wa a Walt, anatula pansi udindo wawo kumapeto kwa 2003 n'kuyamba ndawala yochotsa a Eisner, ndipo chimodzi mwa madandaulo awo chinali kunyozedwa kwa gawo la makatuni. A Eisner anachoka mu 2005. Mu 2006 Disney inagula Pixar, ndipo chodabwitsa n'chakuti atsogoleri a Pixar, a John Lasseter ndi a Ed Catmull, anthu a kompyuta, ndiwo analola kuti pensulo ibwerere. Anaitananso a John Musker ndi a Ron Clements, amene anatsogolera A Pequena Sereia ndi Aladdin, ndipo zotsatira zake ndi filimu ya Tiana ija. Inabweretsa madola pafupifupi 270 miliyoni, ndalama zosachititsa manyazi, koma inafalitsidwa m'sinema za ku Amereka kutatsala sabata imodzi kuti Avatar ituluke. Yotsatira yake, Winnie the Pooh ya 2011, inatulutsidwa ku Amereka tsiku limodzi ndi filimu yomaliza ya Harry Potter. Ndani amatumiza mbuzi ku msika tsiku limene kwabwera njovu? Tangled ya 2010, ya pa kompyuta, inabweretsa pafupifupi 590 miliyoni, ndipo Frozen ya 2013 inadutsa biliyoni. Mu 2013 momwemo ena mwa amisiri akale a pamanja anachotsedwa ntchito. Kuchokera pa Winnie the Pooh kufika mu 2025, situdiyo yaikulu ya makatuni ya Disney sinatulutsenso filimu yaitali yojambula pamanja.

Apa okonda mapaki asadziyeretse. Anthu amene amatha kukwera ndege kupita ku Florida kukatsanzikana ndi ngalande ya madzi anali kuti mu Julho wa 2011, pamene tikiti ya sinema ya madola ochepa ikanakhala voti yawo? Kampani imawerenga matikiti, siwerenga misozi. Ndipo misozi ya pa tsiku lomaliza imaipindulitsa: ikalengeza kuti chinthu chitsekedwa, mizere imatalika, mahotela amadzaza, ndipo malaya a chikumbutso amagulidwa. Komabe mlandu waukulu uli ndi amene anasankha masiku otulutsira mafilimu aja n'kudzanena pambuyo pake kuti anthu sanabwere. Winnie the Pooh inapangidwa ndi madola pafupifupi 30 miliyoni, ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi za Tangled. Vuto la pensulo silinali kudula. Linali lakuti sinkalonjeza biliyoni, ndipo kampani ya msinkhu umenewo inazolowera kusasamala chinthu chimene chimangobweza phindu wamba.

Zoti anthu anatopa ndi zojambula pamanja zimatsutsidwa ndi zimene zachitika kunja kwa Disney. A Hayao Miyazaki a ku Japan, a situdiyo ya Ghibli, anapambana mphoto ya Oscar mu 2003 ndi Spirited Away, n'kuipambananso mu 2024 ndi The Boy and the Heron, ali ndi zaka zoposa 80. Ku Madrid, a Sergio Pablos, amene kale ankajambula ku Disney, anatulutsa Klaus mu 2019, anthu ake ojambulidwa pamanja, kuwala ndi mithunzi zothandizidwa ndi kompyuta. Ku Ireland, m'tauni yaing'ono ya Kilkenny, situdiyo ya Cartoon Saloon inatulutsa Wolfwalkers mu 2020. Lusoli silinafe pa dziko lapansi. Linangosamuka m'nyumba imene inalikulitsa, ndipo nyumbayo ndi imene ikugulitsabe nkhope za Mickey, Branca de Neve ndi Tiana pa chipata chilichonse.

Ku Disney unyolo uja watsala wopyapyala. A Ollie Johnston, womaliza mwa nkhalamba 9 zija, anamwalira mu 2008. A Mark Henn anapuma ntchito mu 2023. A Eric Goldberg, amene anajambula chiwanda choseketsa cha mu Aladdin, anapatsidwa mu Moana ya 2016 ntchito yoyendetsa pamanja mphini za pathupi pa Maui. Ntchito yokongola ndithu, koma taonani kumene mmisiri wa msinkhu umenewo anafika, kukongoletsa khungu la chidole cha pa kompyuta. Mu 2023, pokondwerera zaka 100 za kampani, anapanga kafilimu kakafupi kotchedwa Once Upon a Studio, mmene anthu akale a m'makatuni amatuluka m'zithunzi za pakhoma, ndipo kuti akakwanitse anachita kuitana ena mwa amisiri amene anachoka kale. Kampani inatenganso achinyamata ochepa oti aphunzire pamanja pansi pa akuluakulu otsalawo, ndipo pa chimenecho tiiyamikire. Koma achinyamata owerengeka ndi zala sangapange filimu yaitali. Filimu yotere imafuna anthu mazanamazana: oyeretsa mizere, odzaza pakati, ojambula madzi, moto ndi utsi, openta malo akumbuyo, ndipo aliyense mwa iwo amaphunzira pogwira filimu yeniyeni, chaka ndi chaka, wamkulu ali pambali.

N'chifukwa chake tikuti okonda mapaki, amene aonetsa kale pa nkhani ya Figment kuti mawu awo amafika kwa mabwana, asinthe chimene amapempha. Kupempha kuti khoma lisagwetsedwe n'kupempha chinthu chimene kampani imatha kupereka mosavuta kapena kukana mosavuta, ndipo mwanjira iliyonse imapindula. Apemphe tsiku limene filimu yaitali yojambula pamanja idzatuluke, litalikirane ndi masiku a njovu zija, ndipo afunse kuti ndi ophunzira angati amene alembedwa ntchito yokhazikika. Tsikulo likafika apite ndi ana awo ku sinema, aime pamzere umene anaima pa Splash Mountain.

Mu 2025 kampani inatseka chionetsero cha Star Wars chija n'kulengeza kuti dzina la The Magic of Disney Animation libwerera m'nyumba yomwe ija ya ku Florida. Okonda mapaki ambiri anaomba m'manja ngati kuti wakufa wauka. Pa zimene zinalengezedwa panali malo oti alendo aziphunzira kujambula, malo okumana ndi anthu ovala zidole, ndi bwalo losewerera ana aang'ono. Situdiyo ya amisiri olandira malipiro kuseri kwa galasi sinatchulidwe, ndipo chaka chomwecho kampani inali itaimitsa mndandanda wa makanema a Tiana umene inalonjeza mu 2020.